Chipsera pa Chiuno cha Bilaval

1

Dzina langa ndine Sugna. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ku tauni ya Bundi, kumene ndinakhala pabanja zaka makumi awiri ndi ziwiri, akazi akafuna kunditchula amayamba alavula kaye. Sindiwadandaula. Nanenso ndikakumbukira nyumba ija, ndimalavula.

Ndinakwatiwa ndi Girdhari, mwana wamwamuna yekhayo wa a Bhanwarlal, mmisiri wa zithunzi. Apongozi angawo ankadziwika m'tauni monse. Ankajambula tizithunzi tosaposa zikhatho ziwiri, ndi burashi ya ubweya wa kumchira kwa gologolo, ndipo chimene chinawatchukitsa ndi zithunzi za maraga, nyimbo zamakedzana za kwathu. Woimba amadziwa kuti raga iliyonse ili ndi nthawi yake yoimbira, ina m'bandakucha, ina masana, ina mvula ikagwa. Wojambula ndiye amaipatsa thupi. Raga amaijambula ngati mwamuna, ndipo akazi ake aliyense ali ndi nkhani yake. Todi amaimbira agwape kutchire. Asavari amakhala pamwala atazunguliridwa ndi njoka. Bilaval amavala ndolo pagalasi akudikira mwamuna wake. Zithunzi zikakwana makumi atatu mphambu zisanu ndi chimodzi, mkanda wonse watha, ndipo timautcha ragamala.

Mwa mwambo wathu, apongozi sankayenera kuona nkhope yanga. Akangotsokomola pakhomo ndinkakokera mpango mpaka pachibwano. Komabe m'mawa uliwonse, kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndinkakwera nawo kuchipinda chapamwamba, iwo n'kutseka chitseko ndi mpiringidzo mpaka masana. Girdhari nthawi imeneyo amakhala ali kusitolo yathu, kufupi ndi chipata cha nyumba yachifumu, akugulitsa zithunzi kwa alendo. Anthu ankauzidwa kuti ndimaperera apongozi miyala ya utoto. Ndinkaperadi.

Amene sankakhulupirira anali mlamu wanga Dhapu, mchemwali wake wamkulu wa Girdhari, amene anabwerera pakhomo mwamuna wake atamwalira.

"Utoto wake ngwotani wofuna mpiringidzo?" anandifunsa tsiku lina ndikutsika.

"Ndi fumbi, alamu. Mphepo ikakankha chitseko, fumbi limagwera papepala."

"Fumbi," anatero Dhapu akukanda ufa wa chapati. "Ine ndasesa, ndachapa, ndaphika. Ndikanakhala ndi chiuno ngati chakocho, bwenzi nanenso ndikupera utoto."

Ndinasamba m'manja n'kuyatsa moto.

2

Zaka zitatu zisanachitike zimene ndikufuna kukuuzanizi, bungwe lina la ku Jaipur linapempha apongozi kuti ajambule ragamala yathunthu. Linati lidzaionetsa kumeneko ndi kuwaveka mendulo yaulemu. Ntchito itatha, apongozi anati asanaitumize aionetse kaye pabwalo la nyumba yathu, m'mawa, mvula yoyamba itagwa. Anaitana woimba wina wokalamba kuti aziimba raga iliyonse chithunzi chake chikamatulutsidwa. Anaitananso anansi, amisiri anzawo, ndi banja la ku Kota limene linafunsira mwana wanga Hemlata.

Hemlata anali ndi zaka makumi awiri. Mwamuna amene anamufunsira, Devkaran, anali mphunzitsi wa masamu, munthu wodekha, wa makutu aakulu. Ukwati unakonzedwa ndi akuluakulu, koma awiriwo anakondana pa iwo okha. Foni ikalira, Hemlata ankathawira nayo padenga, n'kutsika nkhope ili yowala.

Kutatsala tsiku limodzi ndinkamudzoza mafuta m'tsitsi pakhonde.

"Amayi, mayi ake a Devkaran akuti amakonda zithunzi. Muwakhazike kutsogolo, aone bwino ntchito ya agogo."

"Ndiwakhazika."

"Akuti Devkaran kusukulu kwawo amadzitama kuti akukwatira m'banja la a Bhanwarlal. Ndinamuuza kuti ndiye akakwatire agogowo."

Anaseka yekha. Ine ndinkadziwa chimene chinali pachithunzi chachisanu ndi chinayi. Ndikanatha kukwera pamwamba masana omwewo n'kuchithira tiyi, anthu n'kungoti ndi ngozi. Ndinangomuuza kuti aweramitse mutu ndimuluke bwino.

3

Kunacha kuli mitambo, pansi pali ponyowa. Tinayala makapeti pabwalo, amuna mbali ina, akazi mbali ina. Apongozi anakhala pampando atavala nduwira yawo yachikasu, Girdhari ataimirira pambali kuti azitulutsa zithunzi m'bokosi. Chithunzi chikatuluka, woimba ankaimba pang'ono, kenako chinkayenda m'manja mwa alendo pamodzi ndi galasi lokuzira zinthu, kuti aone tsitsi limodzilimodzi ndi timadontho ta golide.

"Pa msinkhu umenewu dzanja losanjenjemera n'komwe," anatero bambo ake a Devkaran. "Mulungu anakukondani, a Bhanwarlal."

"Dzanja limangotsatira khutu," anayankha apongozi. "Ndimamva raga, mkaziyo n'kuima pamaso panga."

Ndinali m'gulu la akazi, mpango uli kumaso, ndikugawa tiyi.

Woimba anayamba Bilaval, raga ya m'mawa. Girdhari anatulutsa chithunzi osachiyang'anitsitsa. Chinadutsa kwa amuna, onse akugwedeza mitu, kenako chinafika kwa akazi. Mkazi wa pachithunzipo anakhala pampando wamfupi, dzanja lili kukhutu, wantchito atamugwirira galasi. Mayi ake a Devkaran anachiyang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Mphuno iyi ndi ya mayi a Hemlata," anatero akumwetulira. "Ngakhale kampata ka m'manoka."

Dhapu anawalanda chithunzicho. Anaikapo galasi lokuzira lija n'kulitsitsa pang'onopang'ono, kuchoka pankhope mpaka m'chiuno. Nsalu ya Bilaval inali yopyapyala, ndipo pansi pake, kumanzere, pamalo amene siketi imabisa, panali chipsera chonga chikwakwa, chaching'ono ngati njere ya mpunga.

Chipsera chimenecho ndi changa. Mafuta otentha anandigwera ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amene ankachidziwa pakhomo paja anali awiri okha: mwamuna wanga, ndi Dhapu, amene anandithowa thupi masiku makumi anayi nditabereka Hemlata.

Dhapu anaimirira. Sanayembekeze kuti woimba amalize.

"Bambo," anatero, "chipsera cha m'chiuno mwa mkazi wa Girdhari munachionera kuti?"

Woimba anasiyira pakati. Pabwalo panangoti zii, kumangomveka madzi akudontha kudenga.

"Ukuti chiyani iwe?" anafunsa apongozi.

"Ndikuti mwajambula mpongozi wanu, nkhope yake, ndi chipsera chimene chili pamalo oti ngakhale ine ndimachita manyazi kutchula. Zaka khumi ndi chimodzi mpiringidzo. Ndimafunsa, mumati fumbi."

Ndinayang'ana apongozi. Ndinkawaona bwino kudzera m'mpango. Milomo yawo inkayenda ngati akutafuna kanthu. Ndinalibe mantha. Ndinkadikira mawu amene ndinali nditawadikira zaka zambiri.

Anakonza nduwira yawo, n'kutembenukira kwa amuna.

"Abale, wojambula amajambula zimene waonetsedwa. Ndine nkhalamba, inde, koma ndine mwamuna. Mkazi akamamasula nsalu pamaso pako tsiku ndi tsiku, ati kwatentha, ungakolowole maso? Ndinamudzudzula kangapo. Ndinkabisa pofuna kuteteza mwana wanga."

Amuna ena anayang'ana pansi. Mmodzi wa amisiri anzawo anabisa pakamwa ndi dzanja, ndipo ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Ankaseka.

Ndinachita chimene mkazi wa kwathu sachita. Ndinalankhula pamaso pa amuna.

"Bambo a Hemlata, auzeni."

Girdhari ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Auzeni, inu mukudziwa."

"Lowa m'nyumba," anatero osadzutsa mutu.

A ku Kota ananyamuka osakhudza chakudya chimene tinayamba kuphika kusanache. Mayi ake a Devkaran anapukuta zala zimene anagwirira kapu yanga ya tiyi pansalu yawo, chala chimodzichimodzi, ine ndikuona.

4

Tsopano ndikuuzeni zimene zinkachitika kuseri kwa mpiringidzo.

A Bhanwarlal sanandikhudzepo ngakhale chala, ndipo chipsera changa sanachionepo. Sakanatha. Matenda a shuga anali atawadya maso kalekale. Munthu ankamuzindikira ndi mawu, ndipo dzanja lawo linkanjenjemera moti tiyi ankamwera m'mbale. Pagulu ankabisa manja m'nsalu, ndipo Girdhari ankawanong'oneza dzina la aliyense wobwera.

Zithunzi zonse zimene zinatuluka m'nyumba ija m'zaka khumi ndi chimodzi zimenezo ndinajambula ndine.

Bambo anga ankapaka njovu ndi akavalo pamakoma a nyumba za ukwati, ndipo ndili mwana ndinkawagwirira chitini cha utoto. Kujambula ndinaphunzirira kumeneko. Maso a apongozi atayamba kufa, Girdhari anayesa kulowa m'malo mwawo, koma agwape ake ankaoneka ngati mbuzi zodwala. Tsiku lina anapeza nkhanga yaikulu ya nthenga zamaluwa imene ndinajambula kuseri kwa kalendala. Anandigwira dzanja n'kukandipereka kwa bambo ake ngati munthu wapeza ng'ombe ya mkaka.

Sindikana, nkhalamba ija inandiphunzitsa. Inkakhala pakona n'kumanena zonse pamtima: Todi nsalu yake ndi yotani, mitengo ingati, mtambo ukhale mbali iti. Inkaimba raga ndi mawu osasa mpaka nditaimva m'mafupa. Ndikamaliza, ndinkaigwira dzanja n'kuliika pakona ya pepala kuti isaine. Ndinkaikonda ntchitoyo. Msana unapindika, maso ankatuluka misozi, koma ndikakhala pansi ndi burashi ndinkaiwala kuti ndine mkazi wa munthu.

Zithunzi za ku Jaipur zitatsala chimodzi kuti zikwane, ndinalimba mtima.

"Apongozi, ndili ndi pempho."

"Nena."

"Dzina langa lilembedwe kuseri. Laling'ono, pansi pa lanu. Kutsogolo kukhale lanu lokha."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Dzina la ndani? La mwana wa wopaka makoma? Ukufuna ndikauze anthu ophunzira a ku Jaipur kuti Bhairav, raga ya Mulungu, yajambulidwa ndi mkazi amene mwezi uliwonse saloledwa kukhudza mtsuko wa madzi akumwa? Usandinyanse. Pera utoto."

Madzulo ake ndinauza Girdhari. Anandiyankha akudya.

"Bambo atsala ndi zaka zingati? Dikira."

"Akamwalira mudzalemba dzina la ndani?"

Anatafuna, n'kumeza. "Langa, nanga la ndani? Anthu amagula dzina la banja."

Chithunzi chimene chinatsala chinali cha Bilaval. Ndinatenga kagalasi kanga n'kukwera nako pamwamba. Apongozi ali pakona akuimba, ine ndinajambula nkhope yanga. Kenako ndinasankha burashi ya tsitsi limodzi n'kuika chipsera.

Ndinali nditaganiza zonse. Ndinkadziwa kuti Dhapu sadzalephera kuchiona, ndiponso kuti sadzakhala chete. Apongozi adzatsala ndi njira ziwiri: kuvomera kuti saona ndipo wojambula ndine, kapena kuvomera kuti anaona maliseche a mkazi wa mwana wawo. Ndinkati palibe bambo padziko amene angasankhe yachiwiriyo. Ndinkatinso ngakhale nkhalamba itapenga, palibe mwamuna amene angaime chete mkazi wake akunamiziridwa chonchi. Pa onse awiri ndinalakwitsa.

5

Masana a tsiku la chionetsero lija ndinakokera Dhapu kuchipinda chapamwamba. Apongozi anali atagona, ati mutu. Ndinatenga pepala ndi burashi, ndipo iye akuyang'ana ndinajambula diso la Bilaval, nsidze, mphuno, ndi ndolo. Sizinanditengere nthawi yowiritsa mkaka.

"Mwaona, alamu? Bambo anu saona. Pitani mukawaonetse zala, muwafunse kuti ndi zingati."

Dhapu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anakhala pansi mwakachetechete. Ndinaganiza kuti andipepesa.

"Wauzapo ndani?" anafunsa.

"Palibe."

"Usauze munthu." Anatenga pepala lija n'kulipindapinda. "Tamvera, Sugna. Mwamuna wokalamba kusirira mkazi, anthu aseka mwezi umodzi, kenako aziti nkhalambayi idakali ndi moto. Koma akamva kuti zaka zonsezi akhala akugula ntchito yabodza, sitolo itsekedwa, a ku Jaipur atichititsa manyazi m'nyuzipepala. Tidya chiyani? Ine ndipita kuti?"

"Ndiye ine ndikhale hule?"

"Unadzijambula wekha. Ndani anakutuma?"

Ndinatuluka m'chipindamo.

Ndikutsika ndinakumana ndi Girdhari pamasitepe. Anafuna kundigwira phewa, ine n'kudzikokera kukhoma. Thupi langa lonse linanyansidwa ngati ndaponda chinthu chowola ndi phazi lopanda nsapato.

"Ndi bambo anga," anatero. "Ukanafuna nditani?"

"Mutsegule pakamwa."

"Zizizira izi. Ingokhala m'nyumba masabata angapo."

Patapita masiku atatu a ku Kota anabweza mphete ndi nsalu kudzera mwa munthu wa basi. Devkaran anaimba foni kamodzi, akulira, kunena kuti mayi ake alumbira kuti amwa mankhwala a makoswe ngati iye atakwatira m'nyumba imeneyi. Sanaimbenso.

Hemlata ndinamupeza padenga atakhala pafupi ndi thanki ya madzi. Ndinamuuza zonse, kuyambira kalendala mpaka kagalasi. Anamvetsera osandiyang'ana.

"Ndimadziwa kuti mumajambula ndinu," anatero. "Kuyambira ndili sitandade faifi. Zala zanu zimanunkha guluu wa utoto, za agogo zimanunkha fodya."

"Ndiye wamvetsa chifukwa chake."

"Munkadziwa kuti a ku Kota abwera."

"Ndinkaganiza kuti agogo ako..."

"Munandiluka tsitsi, amayi. Ndinakuuzani kuti muwakhazike kutsogolo, inu munati ndiwakhazika." Mawu ake sanakwere. "Munkafuna dzina lanu lidziwike. Ladziwika. Dzulo ndikupita kogula mkaka, anyamata a pamsika amafunsana ngati nanenso ndili ndi chipsera."

Ndinafuna kumukumbatira. Anaimirira n'kutsika.

6

Ndinachoka sabata yomweyo. Palibe anandithamangitsa, palibenso anandiletsa. Mchimwene wanga anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake, m'mudzi wa kwathu, ulendo wa maola awiri pa basi. Ndinapempha Hemlata kuti tipite limodzi. Anati akhala ndi bambo ake.

Ragamala inapita ku Jaipur yonse, ndi Bilaval yemwe. Apongozi anavekedwa mendulo yawo, ndipo chithunzi chawo chinatuluka m'nyuzipepala atagwira burashi. Ndinamva kuti mbiri ya chipsera inafika kumeneko zithunzi zisanafike, ndipo amuna ankaima pamzere kudikira galasi lokuzira.

Patatha miyezi isanu, Girdhari anatulukira pakhomo pa mchimwene wanga. Anali ataonda, malaya osasita. Ndikuvomera kuti mtima wanga unadumpha. Ndinamuyalira mphasa pamthunzi, n'kumuphikira tiyi wa ginja wambiri monga amakondera.

"Pakhomo sipakuyenda bwino iwe kulibe," anatero.

"Hemlata ali bwanji?"

"Ali bwino. Salankhula kwambiri." Anamwa tiyi. Kenako anakoka chikwama chake n'kutulutsa mtolo wokulungidwa m'nsalu. Munali mapepala osalazidwa kale, zigoba za utoto, ndi maburashi anga. "Pali bwana wina wa hotela ku Udaipur. Akufuna Bilaval asanu ndi mmodzi, a m'zipinda za alendo. Akuti akhale ndendende ngati wa ku Jaipur uja." Anatsokomola. "Ndi chipsera chomwe. Bambo akuti sukuyenera kubwerera ku Bundi, ukhoza kujambulira konkuno, ine ndizidzatenga."

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pa ndevu zake panali kadontho ka tiyi. Ankandiyang'ana ndi maso odikira, ngati wapempha mchere.

Ndinathamangira kuseri kwa khola la njati zoweta n'kusanza. Nditabwerako ndinatenga maburashi okha, poti ndinawapanga ndekha, n'kumuuza kuti basi yomaliza imadutsa dzuwa lisanalowe.

7

Papita zaka zinayi. A Bhanwarlal anamwalira chaka chatha, ndipo ndamva kuti pamaliro pawo panali anthu ambiri. Sitolo tsopano imagulitsa zithunzi zosindikiza pa makina. Ine ndimapaka njovu pamakoma a maukwati ngati bambo anga, ndipo ndikapeza mpata ndimajambula maraga. Ndimalemba dzina langa kutsogolo. Ogula ndi ochepa, ndipo ena amandiuza kuti ndikuyesetsa, koma sindingafike pa malemu a Bhanwarlal.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mwanyansidwa ndi nkhalamba ija, ndi mwana wake, ndi Dhapu. Nyansidwani nawo, akuyenera. Koma musandichotse pagulupo. Anandibera ntchito ya manja anga, zimenezo n'zoona, ndipo ndikanatha kutenga burashi n'kukwera basi ya ku Jaipur, kukajambula pamaso pa anthu a bungwe lija. Ndinaopa. Ndinasankha msampha chifukwa ndinkafuna kuona nkhalamba ikugwa pamaso pa anthu, ndipo ndinautchera pabwalo pamene mwana wanga anayenera kudutsa. Ngati muli ndi mlandu ndi munthu, muuzeni pamaso, dzuwa likuswa mtengo, ndipo muyambe mwaona kuti kumbuyo kwanu kwaima ndani.

Hemlata anakwatiwa ndi mwamuna wina wa ku Ajmer, wamasiye, womuposa zaka khumi ndi zisanu. Ku ukwati sindinaitanidwe. Amandiimbira foni pa chikondwerero cha nyali, amafunsa za bondo langa, n'kudula. Miyezi itatu yapitayo ananditumizira chithunzi cha khanda, mwana wamkazi, popanda mawu alionse. Ndinalongedza chikwama tsiku lomwelo: mafuta othowera, ufa wa mankhwala a mayi wobereka, ndi timalaya tiwiri. Chili kuseri kwa chitseko. Sanandiuze kuti ndibwere, ndipo sindipita asananene.